STIAS ku Stellenbosch: kumene akatswiri a maphunziro osiyana amadyera pa tebulo limodzi

Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town ku South Africa, m'tauni ya Stellenbosch yomwe yazunguliridwa ndi mapiri ndi minda ya mpesa, muli bungwe la kafukufuku lotchedwa Stellenbosch Institute for Advanced Study, limene anthu amangolitchula kuti STIAS. Ndinapitako kukamvera imodzi mwa nkhani zimene akatswiri ake amakamba pagulu, ndipo ndinabwerako wokhutira.

Bungweli linayamba mu 1999 pansi pa yunivesite ya Stellenbosch, motsogozedwa ndi Bernard Lategan, katswiri wa Chipangano Chatsopano, amene ankafuna kuti mu Africa mukhale malo oti anthu ozama ndi maphunziro azisinkhasinkha mosasokonezedwa ndi kuphunzitsa kapena kuchonga mayeso. Mu 2007 anatsegula nyumba yake yaikulu, Wallenberg Research Centre, ndi thandizo la ndalama lochokera ku limodzi mwa mabungwe a banja la Wallenberg a ku Sweden, pa malo akale a Mostertsdrift, pafupi ndi nyumba yamakedzana imene ikadalipobe. Aliyense wodziwa mbiri ya yunivesiteyi, kumene Hendrik Verwoerd anaphunzitsako asanakhale mtsogoleri wa boma la tsankho, angamvetse chifukwa chake zinandikhudza mtima kuti mu 2019 udindo woyendetsa STIAS unaperekedwa kwa Edward Kirumira, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wochokera ku Uganda.

Kuno kulibe ophunzira, ndipo sapereka digiri. Akatswiri amabwera kudzakhala miyezi ingapo, aliyense amapatsidwa ofesi yake, koma amayembekezeredwa kudyera limodzi nkhomaliro ndiponso kukumana sabata iliyonse kuti mmodzi afotokoze kafukufuku wake kwa anzake a magawo ena. Kwa ine, mtima wa ntchito yonse uli pamenepa, chifukwa dokotala akamafotokozera wolemba ndakatulo kapena loya, sangabisale m'mawu ovuta a ntchito yake, ndipo mafunso amene amalandira ndi oti anzake a kuchipatala sakanawaganizira n'komwe.

Chizolowezi chimenechi chinaonekeranso tsiku limene ndinaliko. Wokamba nkhani anayankhula mosathamanga, ndipo mayi wina amene anakhala kutsogolo kwanga, atagwira kope lodzaza ndi zolemba, atamupempha kuti amasulire liwu lina, iye anasiya zithunzi zake n'kuyamba kufotokoza ndi manja mpaka mayiyo anagwedeza mutu. Pambuyo pake tinaima panja moyang'ana kamunda ka mpesa wa mtundu wa Pinotage, anthu akupitiriza kutsutsana mwaulemu. Ndiyenera kunena kuti zokambiranazo zinali m'Chingerezi ndipo zimafuna kutchera khutu, choncho wobwera ayambe wawerengako pang'ono za mutu wa tsikulo.

Amene ndikuwaganizira kwambiri ndi aphunzitsi achinyamata a m'mayunivesite athu, omwe ntchito ya m'kalasi imawathera nthawi yofufuza. Kuyambira mu 2017 STIAS yakhala ikulandira akatswiri a mu Africa amene angotenga kumene digiri ya PhD kudzera m'ndondomeko ya Iso Lomso, mawu a Chixhosa otanthauza diso la mawa, ndipo wosankhidwa amathandizidwa kwa zaka zitatu, akumabwera ku Stellenbosch nthawi ndi nthawi kwinaku akugwirabe ntchito kwawo. Mphunzitsi wa ku Zomba, Mzuzu kapena Lusaka amene ali ndi kafukufuku wokhwima ayenera kuyesa mwayi umenewu.