CKEditor 5 ndi makanema a alimi: momwe zayendera kuyambira dzinja mpaka kukolola

Tsamba la gulu lathu la alimi kuno ku Kasungu limalembedwa ndi anthu osadziwa khodi, kudzera mu CKEditor 5, pulogalamu yolembera nkhani za pa intaneti. Mvula isanagwe ndinakonza maonekedwe a makanema omwe amaikidwa m'nkhani. Pano mtedza uli m'matumba, ndiye ndinganene zomwe zapirira.

Munthu akamata linki ya YouTube, CKEditor 5 simasunga kanema yemwe mukumuona polemba. Imasunga chizindikiro cha HTML chotchedwa figure, cha kalasi media, chokhala ndi oembed (chizindikiro chongosunga linki ya kanemayo) mkati, ndipo browser payokha siionetsa kanthu pamenepo. Njira yachidule ndi kuyatsa previewsInData, setingi yochititsa kuti kanema asungidwe momwe akuonekera polemba, koma ikatero nkhani iliyonse imasungidwa ndi masitayelo ake mkati, kuphatikizapo padding (mpata wopatsa bokosi la kanema msinkhu wa 16:9) ya pafupifupi 56.25%. Masitayelo otere amaposa mphamvu CSS (malamulo a maonekedwe) ya tsamba, ndipo kuti muwagonjetse mumangodzaza !important, mawu okakamiza lamulo la CSS, paliponse. Ine ndinasiya oembed momwe ilili, seva n'kumaisandutsa iframe (bokosi loonetsera kanema wa YouTube) nkhani ikamatsegulidwa, maonekedwe onse n'kukhala mu fayilo imodzi pansi pa kalasi ck-content.

Phindu lake linaoneka a komiti atanena kuti makanema akuchepa pa foni, aziyala mbali ndi mbali. Ndinasintha mizere yochepa, nkhani zonse, zakale zomwe, zinatsatira. Palibe anatsegulanso nkhani yakale kuti aikonze.

Chovuta chinabwera ndi alangizi. Iwo amajambula foni itaimirira, kuonetsa kaunjikidwe ka mtedza kuti usagwire chuku, ndipo kanema wa 9:16 akalowa m'bokosi la 16:9 amakhala kachingwe pakati pa mdima. Ndinauza seva kuti ikaona mawu oti shorts (makanema afupiafupi oimirira a YouTube) mu linki iziika kalasi ina. Zimagwira, koma wina akaika kanema woimirira ndi linki wamba, mdima uja umabwerera. Olemba alibe batani losankhira okha, ndipo ichi ndi chomwe ndimachisowa kwambiri.

Aspect-ratio, lamulo la CSS lomwe ndinapangira bokosi la 16:9 ndi la 9:16, nayo ili ndi malire. Chrome inayamba kuimva mu 2021, pa Chrome 88, pomwe mafoni ena a ku Santhe ndi ku Chamama browser yake sinasinthidwepo chigulire. Ndinabwezamo padding yakale ija ngati chogwirizira cha mafoni otere.

Musataye nthawi kufuna kusintha mtundu wa batani lofiira la YouTube. Za mkati mwa iframe n'za eni ake; inu mumalamula bokosi lakunja basi, m'mphepete, mpata ndi mawu apansi.

Chomwe owerenga anayamikira si kukongola ayi. Ndi loading="lazy", chifukwa kanema wa kumunsi sayamba kudya bandulo munthu asanafike pomwe ali. Amene akufuna kukweza CKEditor 5 adziwe kuti kuyambira pa vesheni 44 imafuna licenseKey, kiyi yosonyeza chilolezo. Ife tinalembapo GPL, chilolezo cha mapulogalamu otseguka, ndipo CSS ija sinafunike kusinthidwa.