Chainsaw yanga ya 70cc patatha miyezi 14

Sabata yatha alamu anga anandiimbira foni. "Alamu, ndapeza ntchito yogwetsa mitengo ikuluikulu ya bulugama. Ndigule chainsaw ngati yanu ija?" Funsoli linandipeza lisiti ya bar yachitatu (bar ndi chitsulo chachitali chomwe tcheni chimazungulirapo) ili m'thumba, ndiye ndinawayankha ndi mkwiyo kuti asayerekeze. Pano mtima wakhala m'malo, ndifotokoze bwinobwino.

Makina anga ndi a injini ya 70cc, olemera makilogalamu 6 ndi theka musanaike bar ndi tcheni. Injiniyo ndilibe nayo mlandu. M'mawa imalira ndikakoka chingwe katatu kapena kanayi. Petulo ndimasakaniza 50:1, kutanthauza malita 5 ndi mamililita 100 a oyilo wa two-stroke, ndipo pulagi ndasintha kamodzi kokha. Buleki ya tcheni inandipulumutsa tsiku lina pamene nsonga ya bar inagunda nthambi, makina n'kudumphira cha kumaso kwanga: tcheni chinaima pompo.

Chimene chandidyera ndalama ndi oyilo wa tcheni, ndipo vutoli linayambira pogula penipeni. Nditawauza ogulitsa kuti ndimadula mitengo yonenepa pafupifupi mita imodzi, anati, "Akulu, mitengo yotereyo imafuna bar ya mainchesi 36." Anachotsa ya mainchesi 25 yomwe inabwera ndi makinawo, n'kuika yaitaliyo, ine n'kuwonjezera ndalama. Ndinachoka ndikusangalala.

Mwezi woyamba usanathe, ndili pakati pa chipika cha bulugama wouma, ndinamva fungo la chitsulo chopsa. Utsi unkatuluka momwe ndinkachekamo. Nditazimitsa, tcheni chinali lende pansi pa bar, chouma gwa, ndipo m'mphepete mwa bar munali mutasanduka buluu chifukwa cha kutentha. Ndinadikira kuti zizizire, kenako ndinaloza nsonga pa chitsa choyera n'kuwapatsa moto makinawo. Pampu yopopera oyilo ku tcheni ikamagwira bwino pamayenera kuoneka mzere wa oyilo. Panagwa timadontho towerengeka.

Ndinachita zonse zomwe ndimadziwa. Ndinapala utuchi m'ngalande ya bar, ndinatokosa kabowo kolowera oyilo, ndinapotokola sikuluwu ya pampu mpaka kumapeto. Osasintha. Nditabwerera kwa ogulitsa aja, mawu awo oyamba anali akuti, "Mwathira oyilo wakutha wa galimoto." Izi zinandiwawa kwambiri, chifukwa oyilo wakuda uja sindinathirepo chigulireni, ndipo chigubu cha oyilo wa tcheni ndinagula kwa iwo omwe. Anati waranti siikhudza bar ndi tcheni poti ndi zinthu zotha ndi ntchito. Ndinagula bar ina ya 36. Patatha miyezi isanu nayonso inapsa, kagudumu ka kunsonga kanauma mpaka kusiya kuzungulira.

Amene ananditsegula maso ndi makaniko wina wachikulire. Pampu anaimasula, kagiya koiyendetsa anakaona, zonse zili bwino. Kenako anapempha buku la makinawo n'kundilozera tsamba lomwe opanga analemba kuti bar isapitirire mainchesi 28. "Achimwene, pampuyi ilibe vuto. Mwaisenzetsa katundu wosakhala wake." Anandiwerengetsa mano apansi a tcheni, aja oyenda m'ngalande: pa bar ya 25 alipo 84, pa ya 36 amaposa 110. Oyilo yemweyo sangafike konseko. Komanso mano ambiri akaluma mtengo nthawi imodzi injini imalemedwa, munthu umayamba kukanikiza, kutentha n'kumawonjezeka. Bar yotalika chonchija ndi ya makina a 90cc kupita m'tsogolo. Anandikumbutsanso kuti bar ya 25 imadula mtengo wonenepa pafupifupi kuwirikiza kawiri kutalika kwake, ukamacheka mbali zonse ziwiri.

Bar yachitatu ija ndi ya mainchesi 25, ndipo makinawa akukhala ngati ena atsopano. M'malo mwa fumbi la utuchi akutaya tizibenthu tikulutikulu tomwe timawunjikana pa nsapato. Thanki ya oyilo ikutha pafupifupi limodzi ndi ya petulo, momwe ziyenera kukhalira. Msana nawo wapumako, chifukwa bar yaitali ija inkakokera makina pansi kutsogolo tsiku lonse. Ndimanola ndi tupa lozungulira la mamilimita 5.5 pa madigiri 30, ndipo ndikachotsa tcheni ndimatembenuza bar kuti izitha mofanana. Tsiku la ntchito yabwino ndimawakonda makinawa zedi.

Koma ndikakhala pansi n'kuwerengetsera, mtima umawawanso. Mabar awiri, matcheni anayi otamuka msanga, ndi masiku omwe ntchito inaima: ndalama yake ikuyandikira yomwe ndikanawonjezera kuti ndigule ya 90cc. Ndinapita ndi buku lija kwa ogulitsa, chala chili pa tsamba lomwelo. Anawerenga, n'kuti, "Munasankha nokha, akulu." Chomwe anavomera ndi kunditsitsirako mtengo wa tcheni chimodzi. Bar ya 25 yomwe anachotsa tsiku loyamba lija sanandibwezere.

Ndiye ndawaimbiranso alamu. Ndawauza kuti ngati ntchito yawo ndi kugwetsa ndi kudula zipika, 70cc ya bar ya 25 kapena 28 iwakwanira, ndipo sidzawatopetsa m'manja. Ngati akufunanso kumacheka matabwa motsata utali wa mtengo, imeneyo ndi ntchito yolemetsa injini kwa nthawi yaitali, apirire agule ya 90cc ndi tcheni chonoledwa pa madigiri 10. Loweruka tipitira limodzi kwa wogulitsa wina amene ali ndi makaniko wake ndi masipeya pa shelefu, ndipo tisanapereke ndalama adzayambe watitsegulira buku la makinawo pa tsamba la bar.