Depo, Sayana, ya pamkono kapena lupu: ndi iti imapirira mliri ukavuta?

Covid-19 itapezeka m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, zipatala sizinatsekedwe, koma ulendo wopitako ndi umene unalemera. Minibasi zinkanyamula anthu ochepa, mtengo n'kukwera, ndipo ambiri ankaopa kuima pamzere. Kwa mayi wa ku Zolozolo, Luwinga kapena Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, muyeso wa njira yakulera pa nthawi yotere ndi maulendo amene imafuna, komanso zimene zimachitika tsiku likaphonyeka.

Jakisoni wa Depo, amene ambiri anazolowera, amafuna maulendo 4 pachaka, masabata 13 aliwonse. Ali ndi mpata umene ambiri saudziwa: mukachedwa ndi masabata osapitirira 4, mukhoza kubayitsa osayezedwa mimba. Mukadutsa pamenepo, anamwino ayenera kutsimikiza kaye kuti simuli oyembekezera, ndipo mukabayidwa muzigwiritsa ntchito kondomu masiku 7 oyambirira. Alangizi a zaumoyo a m'dera nawonso amabaya Depo, choncho si ulendo uliwonse wofunika kukafika ku chipatala cha Mapale.

Sayana Press ndi mankhwala omwewo, koma ochepako, mamiligalamu 104 m'malo mwa 150, ndipo amalowa pansi pa khungu osati mumnofu. Apa ndi pamene amaposera Depo: mukaphunzitsidwa mumadzibaya nokha kunyumba. Amabwera m'kathumba kokhala ndi singano yake. Khutchumulani kwa masekondi 30 mpaka mankhwala asakanikirane. Kankhani chotsekera singano mpaka mpata umene uli pakhosi pake utsekeke, kenako chotsani chotsekeracho. Tsinani khungu la kutsogolo kwa ntchafu kapena la pamimba kutali ndi mchombo, lowetsani singano yonse, n'kufinya kathumba pang'onopang'ono kwa masekondi 5 mpaka 7. Musatikite pobayapo. Zimalakwika nthawi zambiri pamalo awiri: osakhutchumula mokwanira, mankhwala n'kutsalira m'kathumba, kapena osakankha chotsekera mpaka kumapeto, mankhwala osatuluka n'komwe. Safuna firiji, koma musamusunge padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Singano yogwira kale ntchito muiponye m'botolo lotsekeka, mukapereke kwa azaumoyo. Tsiku lotsatira mulilembe pakalendala, chifukwa palibenso namwino wokulemberani m'buku.

Majakisoni onsewa amasokoneza msambo, ena mpaka kusiyiratu kusamba, ndipo zimenezi si matenda. Chofunika kuganizira n'chakuti mukasiya, mimba imachedwa: ambiri amadikira miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza.

Njira ya pamkono ndi ulendo umodzi basi. Implanon ndi kandodo kamodzi kakang'ono koika pansi pa khungu, ka zaka 3. Jadelle ndi tiwiri, ta zaka 5. Mwa amayi 100, amene amatenga mimba pachaka sakwana mmodzi, pamene pa jakisoni amafika 4, makamaka chifukwa chochedwa kubayitsa. Koma pa mliri ili ndi vuto lake: kuchotsa kumafuna munthu wophunzitsidwa ndi zipangizo, ndipo anamwino akatanganidwa ndi odwala mukhoza kudikira. Ngati mukufuna mwana chaka chamawa, si yanu. Amene akumwa mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, kapena ma ARV okhala ndi efavirenz, anene poyambirira, chifukwa mankhwalawa amafooketsa njira ya pamkono ndi mapiritsi, pamene jakisoni samukhudza.

Lupu ya kopa, yoikidwa m'chiberekero, ndiyo yokhalitsa kuposa zonse, zaka 10 ndi kupitirira, ilibe mahomoni, ndipo mukaichotsa mukhoza kutenga pathupi mwezi womwewo. Miyezi yoyamba msambo umachuluka ndi kupweteka, ndiye amene ali ndi magazi ochepa aganize kawiri. Si malo onse ali ndi woika; funsiranitu ku Mapale, ku chipatala cha Mzuzu Central kapena ku Banja La Mtsogolo musanawononge ya kabaza.

Mapiritsi, kunena zoona, ndi amene amagwa msanga mliri ukavuta. Paketi imodzi ndi mwezi umodzi, ndiye pemphani a miyezi ingapo nthawi imodzi. Microgynon sayenera kwa amene ali ndi BP yokwera kapena amene mwana woyamwa sanakwane miyezi 6. Microlut, wa oyamwitsa, amafuna nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo msambo ukabwerera, kuchedwa maola oposa 3 n'kuphonya kale.

Kondomu yokha ndi imene imatetezanso ku HIV ndi matenda opatsirana pogonana, ndipo Chishango imapezeka m'maokala popanda mzere. Isasowe m'nyumba ngakhale muli pa njira ina. Ikaphulika, kapena tsiku la jakisoni litadutsa kalekale, mapiritsi a pangozi amagwira mpaka masiku 5, koma mphamvu yake ndi yaikulu mukamwa mwamsanga.

Tikaziika pamodzi, amene sakufuna mwana kwa zaka 3 kapena kuposa asankhe ya pamkono kapena lupu mliri usanafike pachimake. Amene ali kale pa Depo ndipo akumuyanja, ulendo wotsatira apemphe kuphunzitsidwa Sayana, afunsenso kuti angatenge angati opita nawo kunyumba.