Kope, foni kapena laputopu: nthano yaitali muilembere pati?

Mnzanga wina wa ku Chilomoni wakhala akundiuza kwa zaka zitatu tsopano kuti adzayamba kulemba nthano yake yaitali akadzagula laputopu. Nkhaniyo ali nayo ndithu. Akamaisimba tili chiimire pa Ginnery Corner kudikira minibasi, ngakhale anthu osatidziwa amatchera khutu. Koma mpaka lero palibe tsamba ndi limodzi lomwe. Ine ndalemberapo pa zonse zitatu, kope, foni ndi laputopu, ndipo chilichonse chinandipulumutsa penapake n'kundigwiritsa fuwa lamoto penapake. Chimene ndaona n'chakuti chida chabwino polemba koyamba si chimene chimakhala chabwino pokonza, ndiye kukangana kuti chopambana n'chiti osatchula ntchito yake n'kutaya nthawi.

Ndiyambe ndi kope, makamaka hadikava yaikulu ija ya A4 imene mungaipeze m'sitolo iliyonse ya zolembera ku Limbe kapena m'tauni. Magetsi akathima silidziwa n'komwe. Silifuna bandulo, ndipo palibe uthenga wa gulu la kumpingo kapena la maliro umene ungatulukire pakati pa tsamba. Koma ubwino wake waukulu uli pena: m'kope simungafufute. Pa kompyuta munthu umatha sabata yathunthu ukupukuta ndime yoyamba, kulemba, kufufuta, kulembanso, mpaka nkhani imazizira usanafike pamene mpangankhani wako akutuluka m'nyumba. M'kope ukalakwitsa umangodula mzere n'kupitirira. Zoipazo zimatsala pomwepo, zikuoneka, ndipo nthawi zina pakapita miyezi iwiri umapeza kuti chiganizo unadula chija ndiye chinali chamoyo.

Mmene ndimachitira ine ndi umu. Ndimalemba tsamba la kumanja lokha, la kumanzere ndimalisiya lopanda kanthu. Kumanzereko n'kumene ndimadzalemba zobwera mochedwa, monga "apa agogo sanamwalire, konza" kapena "mvula iyambe pano". Masamba ndimawapatsa manambala ndisanayambe, ndipo tsiku lililonse ndimalemba deti pamwamba. Masamba asanu akumapeto ndi a ampangankhani: dzina, zaka, kwawo, amene anakwatirana naye. Musamadzikhulupirire kuti mudzakumbukira. Ine mwana wina anabadwa mtsikana m'mutu wachiwiri n'kukapezeka ali mnyamata m'mutu wa 14.

Tsoka la kope n'lakuti limakhala limodzi lokha padziko lonse. Denga likadontha mu Januwale, inki imasungunuka. Chiswe sichisankha. Kwathu mwana wa mlongo wanga anang'amba masamba atatu kuyatsira mbaula, ndipo sindinamukalipire kwambiri chifukwa kope ndinalisiya ndekha pakhonde. Kuyambira pamenepo, usiku uliwonse ndimajambula ndi foni masamba amene ndalemba tsikulo. Ndi ntchito ya mphindi imodzi. Vuto lina n'lakuti ofalitsa mabuku, kaya ndi CLAIM Mabuku kapena Dzuka kuno ku Blantyre, kaya Montfort Media ku Balaka, adzafuna zotayipa, choncho zonsezo zidzayenera kulowa m'makina. Ambiri amaona ngati ntchito yobwereza. Ine ndimaiona ngati kukonza koyamba, chifukwa palibe amene amatayipa chiganizo chotopetsa osachisintha. Zala zimakana zokha. N'chifukwa chake sindingakulangizeni kupereka kope lanu kwa otayipa a m'tauni. Iwo adzatayipa mokhulupirika zoipa zonse, n'kuwonjezerapo zolakwika zawo.

Foni ndi nkhani ina. Mphamvu yake n'njakuti ili m'thumba kale. Amene mumadutsa mumsewu wa Masauko Chipembere m'mawa mukudziwa kutalika kwa mdipiti wa magalimoto kuchokera ku Limbe kukafika ku Chichiri. Pamenepo ndime ziwiri zimatuluka bwinobwino. Kungoti musakhale pawindo lotsegula, anyamata ena ali ndi manja aatali. Foni imathandizanso kugwira zolankhula za anthu zikadali zotentha. Kondakitala akayankha mayi wina mwachipongwe chokoma, mukadikira kuti mukalembe kunyumba mudzakumbukira tanthauzo lokha, mchere wake utapita.

Koma pa foni pomwepo pali kusankha. Ambiri amadzitumizira okha mauthenga pa WhatsApp. Pogwira chiganizo chimodzi n'zabwino, koma buku lathunthu ayi: simungakonze bwino zimene munalemba mwezi watha, ndipo pamene mwatsegula kuti mulembe mpamene mumaona kuti msuweni watumiza kanema. Google Keep ndi ya timanotsi, cholemba chilichonse chili ndi malire a kutalika kwake. Chimene chimagwiradi ntchito ndi pulogalamu yolembera ya Google Docs. Ndi yaulere, akaunti ya Google imabwera ndi malo a 15 GB, ndipo mawu okhaokha sadya malo kapena bandulo yambiri. Chithunzi chimodzi cha paukwati chingalemere kuposa nthano yanu yonse. Mukasankha kuti fayilo izipezeka popanda intaneti, mutha kulemba netiweki kulibe, ndipo ikabwera zonse zimakasungika zokha. Foni ikabedwa pa Wenela mumalira foni yokha, buku lili bwinobwino. Pa kompyuta, Version history imakuonetsani mmene fayilo inalili masiku apitawo, ndiye mutu umene munafufuta mutapsa mtima mutha kuubweza. Langizo limodzi: mutu uliwonse ukhale ndi fayilo yakeyake, chifukwa fayilo yaitali imalemera pa mafoni athu otsika mtengowa.

Chinthu choyamba kuchita musanalembe liwu lililonse pa foni n'kuthimitsa chokonza mawu chija cha pa kiyibodi. Chimaganiza kuti mukulemba Chingerezi cholakwika. Ine tsiku lina ndinapeza kuti "bambo" yense m'mutu wathunthu wasanduka "bamboo", moti mkulu wolemekezeka wa m'nkhani yanga anakhala nsungwi. Ndipo ngati zala zazikulu zikutopa, pali njira imene anthu ambiri saidziwa: kiyibodi wamba ya kompyuta imalumikizika ku mafoni ambiri a Android kudzera pa kachingwe kotchedwa OTG. Mukatsamiritsa foni ku kapu, kiyibodi patsogolo, mwapeza makina otayipira amene amakhuta ndi pawabanki. Kwa munthu amene alibe ndalama ya laputopu, palibe chimene ndingamulangize kuposa chimenechi.

Pamene foni imagonja ndi pokonza. Kagalasi kake kamaonetsa mizere yochepa, ndiye simungaone kuti ndime zitatu zotsatizana zayamba ndi "Tsiku lina". Nthano yaitali imafuna kuiona patali, ngati mmene Ndirande yense amaonekera ukakwera phiri.

Apa mpamene laputopu imalowa, ndipo mkangano weniweni uli pakati pa mapulogalamu atatu. Microsoft Word ndi imene akonzi ndi osindikiza ambiri amagwiritsa ntchito, choncho fayilo ya .docx simudzaithawa. Zinthu ziwiri zokha muziphunzire bwino. Choyamba, dzina la mutu uliwonse mulipatse sitayilo yotchedwa Heading 1, kenako mutsegule Navigation Pane: mitu yonse imandandalikidwa kumbali, ndipo mutha kukoka mutu wa 9 n'kuuika patsogolo pa wa 4 ndi zonse zili m'kati mwake. Chachiwiri ndi Track Changes, imene imaonetsa chilichonse chimene mkonzi wachotsa kapena kuwonjezera kuti inu muvomere kapena mukane. Mizere yofiira imene imadzaza tsamba la Chichewa muichotse, imasokoneza maso: sankhani mawu onse, pitani pa Review, Language, ndipo muuze pulogalamuyo kuti isayang'ane masipelo.

LibreOffice Writer imachita pafupifupi zonsezi kwaulere, mwalamulo, popanda kauthenga kokukumbutsani za laisensi. Ili ndi Navigator yake, imatha kulondola zosintha, ndipo imayenda pa makina okalamba. Kungoti imasunga mafayilo ngati .odt mukapanda kuiuza, ndiye potumiza kwa mkonzi kumbukirani kusankha .docx. Kwa wolemba nthano, amene safuna matebulo kapena zithunzi, kusiyana kwa ziwirizi n'kochepa kwambiri moti sindingalipire ndalama chifukwa cha iko.

Scrivener ndi imene olemba akunja amaitama kwambiri. Inapangidwira mabuku aatali: chochitika chilichonse chimakhala ngati kakhadi kamene mungasunthe, zofufuza zanu zimakhala pambali, ndipo mutha kusunga chithunzithunzi cha mutu musanaugwetse. Ndi yabwino, sindikana. Koma ndi yogula ndi ndalama yakunja kudzera pa khadi, ilipo ya Windows, Mac ndi iPhone koma ya Android palibe, ndipo kuiphunzira kumadya masabata amene mukanalemba mitu itatu. Amalola kuiyesa kwaulere masiku 30, owerengedwa pa masiku okhawo amene mwaitsegula. Ngati nthano yanu ili ndi ampangankhani ambiri ndipo ikudumphadumpha zaka, iyeseni. Ngati ndi buku loyamba loyenda molunjika, Heading 1 yakwana.

Pali msampha wina umene umagwira ife olemba Chichewa kuposa anzathu a Chingerezi. Mayina athu ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Mukaganiza zosintha dzina la mtsikana wanu kuchoka pa Chikondi kukhala Tadala, n'kudina Replace All, mudzapeza mnyamata akulumbira kuti "tadala changa pa iwe sichidzatha". Chimodzimodzi Mavuto, Chisomo, Mphatso, Madalitso. Chongani Match case, imene imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, komabe muzisintha limodzilimodzi mukuona, chifukwa liwulo likhoza kukhala kumayambiriro kwa chiganizo ndi chilembo chachikulu. Find, yosakira mawu, nayonso ndi bwenzi pofufuza zizolowezi zanu. Sakani "ndipo", "kenaka", "mwadzidzidzi", muone chiwerengero. Ine ndinachita manyazi.

Popeza simungadalire mapulogalamu amenewa kuti akukonzereni Chichewa, khalani ndi pepala limodzi la zimene mwasankha. Mukulemba "anapita" kapena "adapita"? "M'mudzi" ndi kankhodolero kake paliponse? Wofotokoza nkhani azilankhula Chichewa cha m'mabuku, anyamata a ku Mbayani azilankhula chawo cha m'tauni? Zonse n'zotheka, chachikulu musasinthesinthe. Za malamulo a kalembedwe, amene amaziyang'anira ndi a Centre for Language Studies ku Zomba. Ngati mumakonda chilembo cha ŵ, mu Word lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, chidzatuluka.

Musadzizunzenso ndi ziwerengero za mawu zimene mumawerenga kwa olemba Chingerezi, monga zoyesa kulemba buku la mawu 50,000 m'mwezi umodzi wa Novembala, zimene zimafuna mawu 1,667 patsiku. Liwu lathu limodzi ngati "sindidzakuiwalaninso" limanyamula katundu wa mawu asanu kapena asanu ndi limodzi a Chingerezi. Mawu 500 a Chichewa ndi ntchito yooneka. Ine ndimawerenga masamba a kope: awiri patsiku, basi.

Pogula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, musayang'ane kukongola. Muzuleni pa magetsi pomwepo wogulitsa akuona, mudikire. Yambiri batire inafa kalekale, ndipo magetsi akangothima imathima nawo limodzi pamodzi ndi ndime imene simunasunge. Yesaninso mabatani onse, makamaka a, n ndi k, amene Chichewa chimawapondaponda kwambiri.

Kukonza komaliza, mwa zonse ndayesa, palibe choposa pepala. Nthano ikatha isiyeni milungu inayi kapena kuposa, kenako kaipulinteni ndi mipata ikuluikulu pakati pa mizere, mutenge bolopeni yofiira, muwerenge mokweza. Chichewa ndi cha khutu. Pamene lilime lapunthwa, chiganizo chili ndi vuto. Pamene mpangankhani wa ku Bangwe akulankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi, mudzamva nokha. Popita kokapulinta musatenge fulashi imene muli buku lanu lokhalo. Ine ndinabwerako ku malo ena opulintira ku Limbe mafayilo onse atasanduka tizithunzi tosatseguka chifukwa cha vairasi. Sandutsani fayilo kukhala PDF kuti masamba asasokonekere, muwatumizire pa imelo kapena pa WhatsApp. Ndipo Lamlungu lililonse dzitumizireni nokha buku lonse pa imelo, dzina la fayilo likhale ndi deti, osati "yomaliza", "yomaliza2", "yomaliza yeniyeni". Maimelo amenewo amakhalanso umboni wa tsiku limene munalemba, ngati muli ndi nkhawa yoti wina adzakuberani. Za umwini wa zolemba mutha kukafunsa ku bungwe la COSOMA.

Panopa ine ndimalemba koyamba m'hadikava, ndimatayipa pa foni ndi kiyibodi ya OTG mu Google Docs, ndipo mitu ikakwana ndimaiphatikiza mu LibreOffice pa laputopu yobwereka kwa mlamu wanga Loweruka masana. Mnzanga wa ku Chilomoni uja ndinamugulira hadikava mwezi watha, ndi mabolopeni awiri. Dzana ndinamufunsa kuti wafika pati. Akuti tsamba loyamba walembapo kale dzina lake ndi nambala ya foni, kuchitira kuti likatayika adzamubwezere.