Njinga ya aluminiyamu ija, patatha miyezi 9

Mu Januwale ndinalemba zoyamikira njinga ya kaunjika imene ndinagula kuno ku Mzuzu, ya felemu ya aluminiyamu. Zambiri sindikuzibweza. Ndi yopepuka moti umaitulutsa m'nyumba ndi dzanja limodzi, pachitunda sumva nayo msana, ndipo mvula ya kuno, yomwe siidziwa kuleka, sinaigwiritse dzimbiri. Koma felemu ija inathyoka mu Seputembala.

Ntchito yake inali yonyamula makireti awiri a buledi m'mawa uliwonse kupita ku Zolozolo ndi ku Chiputula, mwa apo ndi apo thumba la chimanga la makilogalamu 50. Mu Juni inayamba kakulira, tche tche, ndikapalasa mwamphamvu. Ndinamanga masipoko, ndinathira oyilo pachishalo, kulira osasiya. Tsiku lina ndikuitsuka ndinaona kamzere ngati tsitsi, m'mphepete mwenimweni mwa pomwe anawotcherera, pafupi ndi bawuti ya kaliyala. Ndinaika chizindikiro ndi cholembera pothera pake. Milungu itatu kamzere kanangosuntha pang'ono, ine n'kumati ndi penti chabe. Kenako mlungu umodzi kanatalika kawiri. Lachinayi lotsatira, pa Katoto, pamsewu wa tala wopanda dzenje n'limodzi lomwe, ndinangomva thyo! tayala lam'mbuyo n'kuyamba kukhula felemu.

Mphwanga amene akuphunzira za uinjiniya atabwera anatenga chidutswa chija n'kupita nacho padzuwa. "Malume, taonani apa." Pothyokapo panali mbali ziwiri. Ina yosalala, yoderako, yokhala ndi timizere topindika ngati timene mafunde amasiya pamchenga ku Nkhata Bay. Ina yaing'ono, yokhakhala, yowala. Posalalapo, akuti, ndi pomwe mng'alu unkadya pang'onopang'ono, bampu iliyonse kuutsegula n'kuutseka, kwa miyezi. Pokhakhalapo ndi kachitsulo kotsala, komwe kanaduka kamodzin'kamodzi katalephera kusenza katundu kokha. Mng'alu ukamatalika umathamanganso, n'chifukwa chake cholembera changa chinandinamiza poyamba paja. N'chimodzimodzi waya wa galimoto za ana: sumukoka kuti aduke, umangomupinda uku ndi uku.

Chomwe chinandiwawa n'chakuti palibe tsiku limene ndinganene kuti ndinasenzetsa mopyola. Katundu yemweyo anadutsa bwinobwino kambirimbiri. Mphwanga akuti apa ndiye pasiyanira chitsulo wamba ndi aluminiyamu. Chitsulo wamba chili ndi malire oti ukamachisenzetsa pansi pake chimapirira pafupifupi mpaka kalekale, zomwe zinadziwika kuchokera pa ntchito ya August Wöhler, Mjeremani amene ankayesa ma ekiselo a sitima zapamtunda m'zaka za m'ma 1860. Aluminiyamu alibe malire oterowo, kugwedezeka kulikonse amakuwerengera. Ndipo mng'alu umakonda kuyambira pangodya, pabowo kapena powotcherera. Ngakhale ndege za Comet za ku Britain zinasweka m'mwamba mu 1954 chifukwa cha ming'alu yoyambira pafupi ndi ngodya za mawindo. Nanga njinga ya kaunjika, ndani akudziwa kuti mwini wake woyamba anayenda nayo maulendo angati isanakwere sitima kubwera kuno?

Wowotcherera wina ku Luwinga anangoiyang'ana n'kupukusa mutu. "Bambo, makina angawa ndi a chitsulo. Iyi imafuna a gasi wa argon, komanso moto umafewetsa pozungulira pake, idzathyokera pambali pomwepo." Ndinamuyamikira posandidyera ndalama.

Kwa wopita nayo kuntchito chimanjamanja ndinganenebe kuti gulani, bola muzipukuta mowotcherera monse n'kuyang'anitsitsa, makamaka ikayamba kulira. Wa buledi, wa makala kapena wa Sacramento (kabaza) asayerekeze. Ine ndabwerera ku yachitsulo yakale ija, yolemera ngati ngolo, imene inawotchereredwapo kawiri. Matayala ndi mabuleki a inayo ndasamutsira komweko, felemu ili pamsomali kukhitchini, mayi a kunyumba akuyanikapo nsanza.