Kuchoka ku Denver Kupita ku Salt Lake City mu Epulo: I-70 Kapena I-80?

Misewu yonse iwiri ndi ya maola pafupifupi 8 nyengo ikakhala bwino. Koma mu Epulo ndi Meyi nyengo ya dera lino la America sikhulupirika.

I-70 imakwera mapiri a Rocky, n'kudutsa mu Eisenhower Tunnel, njira yoboola phiri, mamita 3,400 m'mwamba. Mutha kunyamuka ku Denver dzuwa likuswa mtengo, ola limodzi chabe n'kupeza chipale chofewa chaphimba msewu. Mu Malichi 2019 chipale chinagumuka m'phiri n'kukwirira mbali ya msewuwu ku Tenmile Canyon. Kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 31 Meyi, lamulo la Colorado limafuna kuti pa msewuwu, pakati pa Morrison ndi Dotsero, mukhale ndi matayala oyenera chipale kapena matcheni omanga pa matayala. Ndalama zogulira zimenezo muziwerengeretu.

I-80 imadutsa m'zigwa zazitali za Wyoming. Makona ndi zitunda n'zochepa, koma mphepo ya ku Elk Mountain imagwetsa mathiraki, ndipo ikamauluza chipale simuona ngakhale magetsi a galimoto yakutsogolo. Msewu umatsekedwa kawirikawiri, matauni ali motalikirana.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chigawo cha pakati pa Denver ndi Cheyenne masana, chimene mumadutsa kuti mukafike pa I-80. Mitambo yakuda ikasonkhana, kumagwa matalala oswa magalasi, monga zinachitikira ku Denver pa 8 Meyi 2017. Nyamukani m'mamawa.

Amene ali ndi matayala abwino ndipo zitsetso sizimuopsa, atenge I-70. Msewu ukatsekedwa, malo ogona ndi ambiri. Wosazolowera mapiri atenge I-80, koma pokhapokha tsiku lopanda mphepo, thanki ili yodzaza.