Boti la nambala 1 ku Venice

Mkati mwa Venice, mzinda wa pamadzi ku Italy, mulibe galimoto, basi yake ndi boti lotchedwa vaporetto. Ine ndi mayi a kunyumba tinagula matikiti a maola 24, mayuro 25 aliyense. Ya ulendo umodzi ndi mayuro 9.50, ndiye mukakwera katatu ndalama yabwerera kale.

Kwerani boti la nambala 1 pa Piazzale Roma, pomwe pamathera msewu wa magalimoto, m'mamawa anthu asanachuluke, chifukwa masana mumapanikizana ngati matumba a chimanga. Limayenda mwachifatse mu Canal Grande, ngalande yaikulu ya mumzindamu, kuimaima, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Rialto. Ife tinakhala panja kumbuyo, kamphepo kakutiwomba, mayi akujambula mpaka foni kuzima. Musanakwere gunditsani tikiti pa kamakina ka pokwerera, apo ayi mulipira chindapusa. Gondola (bwato lopalasa lonyamula alendo) ndinangoionera patali, thumba linakana.